Pakhonde pa Azakhali: Bodi yodzaza madigiri, makala osayaka

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ku Chigwirizano mu Lilongwe. Nditamaliza dipuloma ndinayenda ndi envulopu ya khaki mpaka nsapato kutha, ntchito osaipeza, ndiye ndinayambitsa kabungwe koumba makala. Timatenga makoko a mtedza ku Mgona, utuchi kwa akalipentala ndi nyenyeswa za makala pamsika, kusakaniza ndi phala la chinangwa, n'kuumba ndi kamakina kamanja. Ndili ndi amayi 14 ogwira ntchitoyi, ambiri mwa iwo amuna awo anamwalira. Cholinga chathu n'chakuti phindu lisamalowe m'thumba la munthu mmodzi, lizibwerera kwa amayiwa ndi kukulitsa ntchito, komanso tichepetseko makala a ku Dzalanyama omwe amadutsa kwathu kuno panjinga m'mawa uliwonse.

Tsopano bungwe lina lakunja lati likhoza kutigulira makina amagetsi, koma fomu yawo ikufuna mayina a mamembala a bodi, maphunziro awo ndi ntchito zimene akhala akugwira. Ndayesetsa kupeza anthu odziwika. Wapampando ndi dokotala wa pachipatala china chachikulu, tinadziwana kuukwati. Pali loya wa ku Area 47 amene anati ndingolemba dzina lake, adzationa akapeza mpata. Pali abusa athu, pali bambo wina amene anapikisana nawo pa uphungu mu 2025 koma sizinayende, pali malume anga omwe anapuma ntchito ku Capital Hill. Msungichuma ndi chibwenzi changa poti anaphunzira zowerengera ndalama. Ine ndine mkulu wa bungwe komanso mlembi wa bodi.

Vuto langa ndi mayi wina amene wagulitsa makala pamsika zaka zoposa 20. Ndiye amasunga bokosi la banki m'khonde ya amayiwa, ndipo makasitomala athu oyamba anatipezera ndi iyeyo. Anzake akuumirira kuti alowe m'bodi. Koma sukulu analekezera Sitandade 6, Chingerezi samva, CV alibe. Ndikuopa kuti azungu akaona dzina lake pakati pa madokotala atiseka. Ndimuuze bwanji mosamukhumudwitsa?

Ine wanu,
JM, Chigwirizano

Iwe JM, mwana wa achimwene anga,

Mndandanda wakowu ndauwerenga ndili chiimire, poti mayina olemera chonchi munthu sawerenga atakhala pamphasa. Adokotala! Loya wa ku Area 47! Aphungu osalowa m'nyumba ya malamulo! Ndinatsala pang'ono kugwada. Koma nditafika kumunsi ndinabwereranso pamwamba kufunafuna munthu mmodzi yekha amene anaphikapo nyemba pa makala akowo. Ndam'peza m'ndime yomaliza, yemwe ukufuna kum'tsekera kunjayo.

Ndiyambe ndakuyamika, ungadzati azakhali ako pakamwa m'pamoto pokhapokha. Ntchito wagwirayi ndi yeniyeni. Mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo wokhala mbali ya Likuni ndi Chigwirizano sachita kufunsa kumene njinga zosenza matumba zija zimachokera mbandakucha. Dzalanyama yemweyo ndiye gwero la mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ake amayamba asungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde tisanawamwe m'tauni muno. Boma linafika potumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo, mu 2020 linakhwimitsanso zilango m'lamulo la nkhalango, koma dzuwa likapendeka ana amafuna nsima, ndipo mayi amagula chimene chili pafupi. Amene ukupikisana nawo ndi makala otchipa, oyaka msanga, ozoloweredwa kuyambira kwa agogo. Bodi yako iyenera kukhala ndi anthu oti akuthandize kugonjetsa zimenezo.

Kodi bodi ukuiyesa chiyani, mwana iwe? Ine ndimaiona ngati ankhoswe. Pofuna nkhoswe sufunsa kuti pamtundu pathu ali ndi galimoto yaikulu ndani. Umafunsa kuti adzadzuke pakati pa usiku mbale zikamauluka ndani, angandiuze pamaso kuti apa wolakwa ndiwe ndani. Nkhoswe ya ku Joni yotumiza moni pa WhatsApp imakometsa pulogalamu ya ukwati, koma banja likayamba kugwedezeka foni yake imapezeka yozima. Bodi ilipo kuti iziyang'ana ndalama, iziyang'ana iweyo, ndipo zinthu zikavuta iyankhe mlandu. Tsono tiye tiwaone ankhoswe akowa mmodzimmodzi.

Adokotala asiye, odwala akuwadikira pamzere. Ukanakhala kuti ukupanga phala la ana ngati Likuni Phala ndikanati agwire mpando ndi manja awiri. Pa makala angakuthandize kufotokozera anthu za utsi ndi chifuwa, ntchito ya tsiku limodzi ngati mlendo wolemekezeka. Munthu munadziwana naye pa perekaniperekani nonse mukuvina, unam'funsa n'komwe ngati Loweruka amakhala ndi mpata?

Loya wa "ungolemba dzina langa" ndimam'dziwa, ngakhale sindinakumane naye. Anthu oterewa dzina lawo limakhala m'mabodi khumi, thupi osapezeka ngakhale m'imodzi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, nanga khumi? Sindikukana kuti loya ndi wofunika. Pali malamulo oyendetsera bungwe oti alembedwe, pali mgwirizano ndi mwini malo amene mukuyanikapo makala, ndipo pali kusankha kuti mulembetse motani. Mukhoza kulembetsa ngati matrasti pansi pa lamulo la 1962, ngati kampani yosagawana phindu pansi pa lamulo la makampani la 2013, kapena ngati kopaletivi pansi pa lamulo la 1998. Njira iliyonse ili ndi kukoma ndi kuwawa kwake. Mu kopaletivi, mwachitsanzo, bodi susankha ndiwe. Amasankha ndi mamembala pamsonkhano waukulu, aliyense voti imodzi, ndipo ndikhulupirira waona kale amene angapambane amayi 14 aja atakweza manja. Zonsezi loya wakhama angakuunikire masana amodzi. Ngati wa ku Area 47-yo masana amodzi akumusowa, mpando wa zaka zitatu aupezera nthawi kuti?

Abusa ndilibe nawo mawu, ndingadzasowe wondilalikira pamaliro. Ndingofunsa: utawapeza asokoneza pa nkhani ya ndalama, iwe mkhristu wawo ungatsegule pakamwa? Ngati yankho ndi ayi, apemphe azibwera kudzatsegulira misonkhano ndi pemphero, akatero azikapuma.

Bambo a uphunguwo ndiye ayi ndithu. Lamulo la mabungwe omwe si aboma limaletsa mabungwewa kuchita ndale za zipani, ndipo munthu amene walawa kampeni kamodzi sakhuta. Chisankho china chikamayandikira amayi ako adzavekedwa nsalu, makala adzagawidwa pamsonkhano nkhope yake ili pathumba, ndipo a chipani chinacho, omwe nawonso amaphika, adzaleka kukugula.

Malume ako ndi chibwenzi chako ndiwaphatikiza, poti matenda awo ndi amodzi: amakukonda. Ukudziwa chifukwa chake cheke cha bungwe chimafuna anthu awiri osayina? N'kuti wina aziletsa mnzake. Tsono iwe usayine, iye asayine, mwakwera kabaza mmodzi kupita kubanki, woletsa mnzake akhala ndani? Chikondi chikakoma, ndalama za makoko a mtedza zikathera kunyanja ku Salima. Chikawawa, mabuku apita ndi mwini wake, pasiwedi ya kompyuta n'kupita nayo limodzi, iwe n'kutsala ukulemba mauthenga opepesa kuti upeze malisiti. Sindikunena kuti mtsikanayo ndi wakuba. Mwinanso ndi wokhulupirika kuposa iwe. Koma ogula makinawo sakum'dziwa, ndipo tsiku limene adzamve kuti mkulu wa bungwe ndi msungichuma amaitanana "bebi", fomu yako idzapita pansi pa mulu. Ngati mabuku amawadziwadi, bodi imulembe ntchito yolemba mabukuwo iwe utatuluka panja, ndipo owaunika akhale munthu wina.

Za Capital Hill usandiopseze nazo. Mu 2013 mabiliyoni a boma anatuluka pamenepo pa Cashgate, ndipo owatulutsawo sanali amayi a Sitandade 6. Anali anthu a mataye, odziwa kompyuta, ena mwa iwo owerengera ndalama ophunzira bwino. Malume ako sindikuwanamizira kanthu, mwina anapuma ntchito manja ali oyera. Ndikungoti satifiketi imatiuza kuti munthu amatha kuwerenga ndalama. Zoti akaziwerenga amazibwezera m'bokosi, timazimva kwa anthu amene anasungitsapo zawo kwa iye.

Poti umakonda za azungu, ndikuuze ya azungu. Ku America kunali mtsikana wina, Elizabeth Holmes, amene mu 2003 anayambitsa kampani yotchedwa Theranos, n'kumauza dziko kuti wapanga makina oyeza matenda ambirimbiri ndi timadontho ta magazi a kuchala. Bodi yake, mwana wanga, yakoyi ndi masanje. Munali Henry Kissinger ndi George Shultz, onse nduna zakale zoona za ubale ndi mayiko ena. Munali William Perry, nduna yakale ya chitetezo, munalinso James Mattis, mkulu wa asilikali. Anthu achuma ataona mayinawo anathira ndalama mpaka kampaniyo kumatchulidwa kuti ndi ya madola 9 biliyoni. Koma ambiri mwa akuluakuluwo ankadziwa nkhondo ndi ukazembe, za magazi ayi, ndiye funso losavuta loti kodi makinawa amagwiradi ntchito linasowa wolifunsa mwamphamvu. Amene anaulula bodzalo anali achinyamata ogwira ntchito m'labotale. Mmodzi wa iwo anali Tyler Shultz, mdzukulu wa George Shultz yemweyo, ndipo agogo akewo poyamba anakhulupirira Holmes kusiya mdzukulu wawo. Kampani inatsekedwa mu 2018, Holmes anapezeka wolakwa pa mlandu wonamiza oika ndalama mu 2022, n'kugamulidwa zaka zoposa 11.

Funso la makala ako ndi lomwelo: amayakadi? Pa anthu asanu ndi mmodzi wandilemberawa, angaliyankhe ndani?

Tsopano tiye kwa mayi wopanda CV. Ukuti alibe? Tenga pepala ndikulembere.

Zaka zoposa 20 akupikula ndi kugulitsa, m'dziko limene ndalama yake inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, iye mpamba osaudya. Amadziwa kuti mayi wa ku Chinsapo sagula thumba, amagula kajumbo ka lero lokha, ndipo kajumboko amakayeza ndi dzanja, osati sikelo, ndiye mukapakira mochepa pang'ono chabe mawa sabwera. Amadziwa kuti makala oumba amachedwa kuyaka ndipo amasiya phulusa lambiri, kuti mukaumira phala la chinangwa amanyenyeka asanafike kunyumba, mukathira dothi lochuluka amangofuka. Amadziwa kuti wokazinga tchipisi amafuna moto waukali wa msangamsanga pomwe wophika nyemba amafuna moto wokhalitsa, choncho makasitomala anu enieni ndi amayi a malesitilanti a pamsika ndi oweta anapiye ofuna kutenthetsa khola usiku wonse. Amadziwa kuti mvula ikagwa makala a mitengo amakwera mtengo poti njira za kunkhalango zaterera, ndipo nthawi yomweyonso anuwo sauma, ndiye Seputembala ndi Okutobala muyenera kuumba mosapumira n'kusunga pouma. Amadziwa woti ungamukongoze ndi woti ungom'patsa moni. Zimenezi, JM, palibe anakuphunzitsa pa dipuloma, ndipo adokotala akowo atati aziphunzire ayambira kwa iyeyo.

Ndiye pali bokosi lija. Unayamba wakhalapo pa banki m'khonde mpaka kumapeto, kapena umangodutsa ukuyang'ana foni? Njira imeneyi, imene bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991, ili ndi malamulo okhwima kuposa a maofesi ambiri. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi sasunga kiyi. Silitsegulidwa gulu lisanasonkhane. Ndalama zimawerengedwa mokweza aliyense akumva, wochedwa amalipira chindapusa, ndipo pakutha pa chaka amagawana mpaka tambala yomaliza. Zimene akatswiri amakaphunzitsana m'mahotela a ku Mangochi atalandira maalawansi, amayiwa amazichita sabata ndi sabata pamkeka. Mayi amene anzake am'khulupirira ndi bokosi limenelo wakhoza mayeso ovuta kuposa a dipuloma yako, poti olemba mayeso ake amam'dziwa mpaka kukhitchini.

Pafomupo ulembe chonchi: wamalonda a makala, zaka zoposa 20, wosunga bokosi la gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama, woimira amayi ogwira ntchito m'bungwe. Usaonjezere, usachotsere. Ndipo ndisamve kuti wam'patsa satifiketi yabodza kuti afanane ndi enawo, chifukwa bodza la pafomu ndi limene limatsekeratu zitseko.

Ukuti azungu akuseka. Mu 1976 mphunzitsi wa zachuma pa yunivesite ya Chittagong ku Bangladesh, Muhammad Yunus, anabwereketsa madola 27 kwa anthu 42 a m'mudzi wa Jobra. M'menemo munaphuka Grameen Bank, imene inakhazikitsidwa ngati banki mu 1983, ndipo masiku ano aliyense wolankhula za bizinesi yothandiza anthu amaitchula. Kwa zaka zambiri, mwa mamembala 12 a bodi ya bankiyo, 9 ankasankhidwa pakati pa obwereka ngongole eniakewo, amayi akumudzi. Mu 2006 Yunus ndi bankiyo atapata mphoto ya Nobel ya mtendere, amene anakailandira ku Oslo m'malo mwa banki anali Taslima Begum, mmodzi wa amayi a m'bodiwo, yemwe ngongole yake yoyamba anagulira mbuzi. Mbuzi, JM. Anam'patsa mendulo, ndipo sindinamve kuti wina anam'funsa za Sitandade.

Ngakhale kwathu konkuno si zachilendo. Amayi a m'magulu a Federation, ogwira ntchito limodzi ndi bungwe la CCODE ku Mtandire, Chinsapo ndi Mgona, akhala akusunga ndalama, kuwerenga nyumba za m'madera mwawo, kumanga zimbudzi, n'kumakhala patebulo limodzi ndi akuluakulu a khonsolo ya mzinda. Opereka thandizo amene maso awo ali bwino akaona dzina la wogwira ntchito yeniyeniyo pabodi amadziwa kuti bungwelo lili ndi mizu. Amene angaseke dzina la mayiyo n'kusangalala ndi la loya wosabwera, makina akewo adzafika ndi mavuto ena, ndikukuuza.

Koma usandimve mokhota n'kukathamangitsa ophunzira onse. Mayi wa bokosi sangakulembere lipoti la maodita. Mukalembetsa ku NGORA, imene inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022, chaka chilichonse mudzafunika kupereka lipoti la ntchito ndi la ndalama lofufuzidwa bwino. A MRA nawonso samva zoti ndinu a mtima wabwino. Mukamagulitsa katundu ndi kulipira anthu amafuna kuona mapepala. Choncho funafuna wowerengera ndalama weniweni, makamaka membala wa ICAM, wosakhala m'bale wako, wosapemphera nawe, woti akaona lisiti lolembedwa pa kapepala ka sopo akubwezere. Ameneyo ndi mayi wa bokosi akakhala moyandikana, wina akudziwa zimene manambala akunena, wina akudziwa ngati manambalawo akunena zoona.

Ufunenso munthu wodziwa makina. Sindikunena injiniya wa suti. Wowotcherera zitsulo wa ku Biwi amene wakonzapo zigayo akhoza kukupulumutsa, chifukwa makina akunjawo tsiku lina adzathyoka kachitsulo kosapezeka m'Malawi muno, ndipo mtengo wake udzakhala wa madola. Munthu wotere akanakufunsa kale ngati pamalo panupo pali magetsi okwanira kuyendetsa makinawo, komanso kuti akazima muumba ndi chiyani. Fomu usanatumize, uyankhe zimenezo. Ukapeza mphunzitsi wa ku Bunda wokonda kudetsa manja, woti angakuyezereni kuti makala anu amatentha motani poyerekeza ndi a mitengo, mutengenso. Anthu asanu kapena asanu ndi awiri akwana.

Chenjezo lina ndi ili: usamuike mayiyo yekha. Mayi mmodzi pakati pa mataye asanu amangoti "zili bwino, bwana", akatuluka n'kukadandaulira anzake kuchitsime. Amayiwo asankhe okha awiri pakati pawo, osati iwe kuwasankhira. Misonkhano izichitikira ku Chigwirizano komweko, pafupi ndi pamene makala akuyanikidwa, m'Chichewa, ndipo lipoti la ndalama liziwerengedwa mokweza ngati pa banki m'khonde. Ofuna Chingerezi muziwamasulira pambuyo, ndi ntchito ya dipuloma yako imeneyo. Lamulo lotuluka panja ligwirenso iwo: pokambirana za mtengo umene mayiyo azipikulira makala a bungwe, kapena za malipiro a amayiwo, anene maganizo awo kenako atuluke, otsala agamule.

Tafika pa iwe tsopano, usathawe. Mkulu wa bungwe ndiwe, mlembi wa bodi ndiwe, bwenzi la msungichuma ndiwe, m'bale wa membala ndiwe. Watsala ndi kudzitcha mlonda. Bodi ndi imene imalemba ntchito mkulu wa bungwe, kumuikira malipiro, ndipo zikafika poipa kum'chotsa. Eya, kukuchotsa iweyo pa bungwe limene unaliyamba ndi thukuta lako. Ndikudziwa mtima wagunda. Mwina n'chifukwa chake unasankha anthu otanganidwa, achibale ndi okukonda, poti onsewo sangakufunse kanthu, ndipo mayi wa makalayo ukumuopa osati chifukwa cha Chingerezi, koma chifukwa akudziwa kuti thumba la makoko ku Mgona ndi ndalama zingati. Ndangoganiza chabe, usandikwiyire. Iwe uzikhala pamsonkhano, uzipereka lipoti, uziyankha mafunso, koma voti ikhale ya ena. Mulembenso m'malamulo anu kuti mpando ndi wa zaka zingati, ndiponso kuti wojomba misonkhano itatu motsatizana popanda chifukwa wadzichotsa yekha. Kalamulo kameneko kadzakuchotserani anthu amene inu mukuchita nawo manyazi.

Za alawansi uwauziretu poyamba kuti pano pali ya thiransipoti yokha ndi botolo la madzi. Wofunsa kuti "pamakhala kangachepe?" asanafunse kuti mumaumba angati patsiku, wakuuza kale chimene wabwerera.

Ukafuna kudziwa otsala ndi opita, usavutike ndi kuwalembera makalata. Aitane onse Loweruka m'mawa kuti adzaone amayi akuumba, aliyense um'patse kajumbo kamodzi akaphikire kwawo, Loweruka linalo adzanene mmene ayakira. Amene adzabwere kawiri konse, mungakambirane. Adokotala akadzabwera atanyamula phulusa m'pepala n'kumadandaula kuti nyemba zinachedwa kupsa, ndibwezereni mawu anga, akhale wapampando.

Funso lako linali loti umuuze bwanji mayiyo mosamukhumudwitsa. Upite kunyumba kwake, osati pamsika ali pakati pa makasitomala. Ukakhale pansi, chipewa chili m'manja, ukam'pemphe kuti anzake akamusankha avomere. Akhoza kukana, chifukwa tsiku la msonkhano ndi tsiku limene sagulitsa, ndiye ukhale utaganiza kale zom'bwezera. Umuuzenso mosabisa kuti kukhala m'bodi n'kusenza mlandu: ndalama zikasowa, adzafunsidwa nawo. Za mtsikana uja, m'bodi atuluke, koma ndikuyembekeza kalata ina yochokera kwa iwe yonena tsiku la chinkhoswe. Munthu unam'khulupirira ndi ndalama za amayi 14, ukuchedweranji kukaonekera kwa makolo ake?

Azakhali

* * *

Azakhali,

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Kawale. Mwana wa mnzanga wa kutchalitchi anandibwereka chiphaso cha unzika ndi satifiketi yanga ya uphunzitsi kuti akajambule, akuti akundifunira ganyu yophunzitsa. Mwezi watha mdzukulu wanga anandionetsa pa Facebook chithunzi changa, pansi pake atalemba kuti ndine wachiwiri kwa wapampando wa bodi ya bungwe lothandiza atsikana. Msonkhano sindinapiteko ngakhale umodzi, ofesi yawo sindikuidziwa. Anzanga akundiyamikira. Ndingokhala chete kuopa kudana ndi mayi ake?

Mayi EC, Kawale

Amayi aphunzitsi,

Zikomo kwambiri pa udindo wanu watsopano, ndipo pepani. Inu amene munagwira ana oonera mayeso zaka zonsezi, lero mwana wakuonerani dzina inu muli maso!

Musakhale chete. Dzina lanu ndi zaka zanu za m'kalasi n'zimene akupemphera ndalama, ndipo tsiku limene opereka ndalamazo adzafune kudziwa kumene zinapita, adzayamba ndi mayina a papepala. Muitaneni mwanayo, mayi ake ali pomwepo, akuonetseni satifiketi yolembetsera bungwe, malamulo ake, ndi pepala lililonse limene pali siginecha yonga yanu. Mukaona kuti ntchitoyo ndi yoona ndipo mtima wanu ulipo, lowani mwa ufulu wanu, muyambe ndi kuitanitsa msonkhano ndi sitetimenti ya kubanki. Mukaona chifunga, lembani kalata yonena kuti simunavomerepo udindowo, musunge kope, ina mupereke kumene analembetsa bungwelo ndi ku NGORA. Ngati anasayina m'malo mwanu, umenewo ndi mlandu wa kupolisi, ndipo mayi akewo auzidwe choncho mosazungulira. Chithunzi chija achichotse lero, ndipo makope a chiphaso chanu abweze onse.

Azakhali